Kodi Einstein analepheradi masamu? Yankho kwa mayi wa mwana wa fomu 3

Mayi ena andilembera kuti mwana wawo wa fomu 3 wasiya kulimbikira masamu, akamufunsa akumawaonetsa chithunzi cha pa WhatsApp cholembedwa kuti ngakhale Albert Einstein analephera masamu kusukulu koma anadzakhala katswiri wa dziko lonse. Akufunsa ngati ndi zoona komanso amuyankhe bwanji mwanayo.

Mayi, nkhani imeneyo ndi yabodza, ndipo imandiwawa chifukwa ana ambiri akubisalamo. Chomwe chinachitika nchakuti mu 1895 Einstein ali ndi zaka 16 anakalemba mayeso olowera ku Polytechnic ya ku Zurich m'dziko la Switzerland, ali wamng'ono ndi zaka ziwiri poyerekeza ndi anzake, masamu ndi fizikisi anakhoza bwino kwambiri koma mbali zina monga Chifalansa ndi zomwe zinamugwetsa. Ndiye anapita kukamaliza sekondale ku Aarau, m'dziko lomwelo, ndipo mu 1896 pa satifiketi yake anapeza 6 mu algebra, 6 mu geometry, 6 mu fizikisi. Apa ndi pomwe mwana wathu angasokonekere, poti ife pa MSCE 1 ndiye pamwamba, 6 ndi kirediti yomalizira, 9 walephera. Kumeneko 6 ndiye anali malikisi apamwamba zedi, kulibenso kupitirira apo. Munthu akangoona nambala osafunsa kuti amawerengera bwanji, basi wanyamula bodza nkumagawira anzake.

Tsono musamulande foni kapena kumukalipira, khalani naye pansi mufufuze limodzi, azigwira foniyo ndi iyeyo. Mufunseni kuti walemba zimenezi ndani, watchula chaka chanji, sukulu yake iti, nanga iyeyo wazitenga kuti. Mauthenga ambiri ofowadidwa alibe dzina, alibe chaka, angokhala ndi nkhope ya munthu wotchuka ndi mawu akuluakulu. Alembe pa Google dzina la Einstein ndi Aarau 1896, satifiketi ija ilipo pa intaneti aiona ndi maso ake. Chikakhala chithunzi chakale chomwe akuti ndi chakuti chakuti, achiike pa Google Lens, pofufuzira zithunzi pa Google, aone komwe chinayamba kutuluka, nthawi zambiri mupeza kuti ndi cha dziko lina kapena chaka china. Ndipo masamba khumi a pa intaneti akanena zofanana sizitanthauza kuti ndi zoona ayi, mwina onsewo anangokoperana. Aphunzitsi a hisitole kusukulu kwake nawonso alipo, akawafunse, amasangalala mwana akabwera ndi funso lotere.

Adzabweranso ndi ya Bill Gates kuti anasiya sukulu. Imeneyo ndi yoona, anasiya mu 1975, koma anasiya ali ku yunivesite ya Harvard ku America, malo omwe anafikako atakhoza kale bwino ku sekondale.

Koma mayi, ine chomwe ndikuona apa nchakuti mwanayu masamu akumuvuta ndipo akuchita manyazi kunena, chithunzicho wangochipeza ngati pothawira. Mufunseni mofatsa kuti anayamba kusochera pa mutu uti, ambiri amatayika pa algebra wa fomu 1 ndi 2 ndiye akafika fomu 3 chilichonse chimangooneka mdima. Abwerere pomwepo, masamu asanu tsiku lililonse ndi pensulo m'manja osati kumangowerenga notsi, apeze mnzake wokhoza azisova limodzi, kenako ayambe mapepala akale a MANEB. Kuti asankhidwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ngati akulota za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, popanda kirediti yabwino ya masamu sizitheka. Akadali ndi chaka ndi miyezi asanalembe MSCE, sabata ino pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake a masamu, mutenge ndi makope ake.