Amathamanga tsiku lililonse koma pa mpikisano amatsalira: ndimuletse?

Mayi ena a ku Mulanje andilembera za mwana wawo wa zaka 18 yemwe ali Fomu 3. Akuti mnyamatayu amadzuka m'bandakucha n'kuthamanga makilomita 10 ndi mphamvu zake zonse, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe. Pa mpikisano mtunda umenewu amaumaliza mphindi 36, ndipo patha chaka chathunthu nthawiyi isanatsike. Ulendo wapitawu, kutatsala masiku awiri, anakathamanga makilomita 25 kuti awonjezere mphamvu, koma pa tsikulo miyendo inalemera ngati mitondo, anzake omwe amawasiya masiku onse n'kumupitirira. Aphunzitsi nawo akudandaula kuti akuwodzera m'kalasi. Mayiwa akufunsa ngati amuletse kuthamanga mpaka adzalembe MSCE. Pansi pa kalatayo mnyamatayo wawonjezerapo mzere wake, akufuna kudziwa chomwe angachite kuti liwiro likwere.

Mayi, musamuletse. Mwana wodzuka yekha kunja kusanache, popanda womukankha, ali ndi khama lomwe makolo ambiri amalilirira. Chomwe chikumugonetsa m'kalasi ndi kathamangidwe kake, ndipo kameneko kamakonzeka. Ndiloleni ndiyankhule naye mwini wakeyo inu mukumva, chifukwa zina mwa izi zifuna dzanja lanu.

Mwana wanga, mphamvu sizilowa m'thupi pa nthawi yomwe ukuthamanga. Pothamanga umang'amba timinofu ting'onoting'ono, umatha shuga wosungidwa m'minofu uja amati glycogen, umatopetsa mitsempha ndi mafupa. Thupi limakonza zonsezi ukadya ndi kugona, ndipo pokonzapo limamanga molimba kuposa poyamba. Ukabweranso m'mawa mwake ndi ukali womwewo lisanamalize ntchito, ukugumula khoma lomwe matope ake sanaume. Ndicho chakuimitsa pa mphindi 36 chaka chathunthu. Akuluakulu ponena kuti kuthamanga sikufika ankanena zina, koma mawuwa akukwana pa iwe ndendende.

Makilomita 70 pa sabata omwe ukuthamangawo si ochepa kwa mwana wa sukulu, ndipo sindikufuna uwonjezerepo. Utsike pa 55 kapena 60, Lamulungu upume, ndipo ochuluka mwa makilomitawo uziwathamanga mofatsa. Kufatsa kwake n'kotere: uzitha kumufotokozera mnzako mmene mpira wa dzulo unayendera, ziganizo zathunthu, osadukiza ndi wefuwefu. Kwa iwe zimenezi zili pafupi ndi mphindi 5 pa kilomita. Udzachita manyazi, ndikudziwa, ndipo ena panjira adzati wafooka. Koma katswiri wa sayansi ya masewera Stephen Seiler, atafufuza mmene akatswiri a mitunda italiitali amakonzekerera, anapeza kuti pa maulendo 10 aliwonse, pafupifupi 8 amakhala ofatsa. Eliud Kipchoge wa ku Kenya, yemwe anamaliza marathon (mpikisano wa makilomita 42) ya ku Berlin mu 2022 pa maola 2, mphindi 1 ndi masekondi 9, ankathamanga makilomita oposa 200 pa sabata ku Kaptagat kwawoko, koma ambiri mwa iwo ankawayenda pa liwiro lomwe linali lotsika kwambiri kwa iye. Arthur Lydiard wa ku New Zealand ankathamangitsa Peter Snell makilomita pafupifupi 160 pa sabata, pomwe Snell anali wa mamita 800 ndi 1,500 chabe, ndipo anapata golide ku Rome mu 1960 ndi awiri ku Tokyo mu 1964. Ziwerengerozi usazitsanzire. Awa ndi akatswiri akuluakulu, si ana a sukulu ngati iwe. Chomwe ndikufuna uone n'chakuti liwiro limakhazikika pamwamba pa mtunda wofatsa.

Mtunda wofatsawo ndiwo umakulitsa mtima kuti uzipopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, umachulukitsa timitsempha topereka mpweya ku minofu, umaphunzitsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta m'malo mothamangira shuga. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, mafupa ndi mitsempha ya m'mapazi zimachedwa. Munthu amamva kuti mpweya ulipo, n'kudumphira pa makilomita ochuluka, kenako msongolo wayamba kuwawa. Chaka chamawa ukadzafuna kuwonjezera, uzidzawonjezera makilomita 5 kapena 6 pa sabata basi, ndipo sabata yachinayi iliyonse uzitsitsako. Loweruka ndiye tsiku la mtunda wautali, makilomita 15 mpaka 18, mofatsa momwemo. Njira zadothi za m'mphepete mwa minda ya tiyi n'zabwino ku miyendo kuposa phula.

Tsono za liwiro, funso lako lija. Masiku awiri pa sabata akwana, Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo tsiku lapakati likhale lopepuka. Lachiwiri, utatenthetsa thupi mphindi 15, thamanga kilomita imodzi pa mphindi 3 ndi masekondi 30, upume mphindi ziwiri ukuyenda kapena kuthamanga pang'onopang'ono, ubwereze kasanu. Sabata ina usinthe, uthamange mamita 400 kakhumi, ulendo uliwonse masekondi 80 kapena 82, ukupuma mphindi imodzi pakati. Ulendo womaliza ufanane ndi woyamba. Ngati woyamba wauthamanga pa 72 womaliza n'kukwawa pa 90, wangodzipweteka. Lachinayi ukhale mphindi 20 pa liwiro lowawa koma lopirika, pafupifupi mphindi 3 ndi masekondi 50 pa kilomita, pomwe ungatulutse mawu awiri kapena atatu okha. Apa thupi limaphunzira kukhala nthawi yaitali pa liwiro lalikulu miyendo isanayambe kuotcha.

Mwina uti kulibe bwalo loyezedwa ngati la pa Bingu National Stadium. Usadandaule nazo. Gösta Holmér wa ku Sweden anayambitsa m'ma 1930 njira yotchedwa fartlek, yomwe othamanga a ku Iten ku Kenya amaikonda mpaka lero: mphindi imodzi mwamphamvu, mphindi imodzi mofatsa, kubwereza ka 15 kapena 20. Chofunika ndi wotchi yokha. Ndipo kwanuko zitunda n'zosasowa. Kukwera chitunda masekondi 45 mwamphamvu, kutsika ukuyenda, kasanu ndi katatu, kumapereka nyonga yomwe ena amakaifuna ku jimu.

Makilomita 25 aja anandipweteka mtima kuwawerenga, chifukwa ndi ntchito ya miyezi yomwe inatayika masiku awiri. Phindu la kuthamanga kwa lero limaoneka patapita sabata imodzi kapena ziwiri, koma kutopa kwake kumabwera lero lomwe. Palibe amene amathira feteleza chimanga chitauma kale n'kumayembekeza kuti mawa zitsononkho zikula. Chomwe unanyamula kupita nacho pa mzere woyambira chinali kutopa kokha, minofu yong'ambika ndi nkhokwe ya glycogen yosadzaza bwino.

Othamanga amachita zomwe pa Chingerezi amati tapering, kutsitsa katundu mpikisano ukayandikira. Chinsinsi chake n'chakuti kutopa kumachoka msanga kuposa mphamvu zomwe wamanga. Laurent Bosquet ndi anzake atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2007 anapeza kuti zimayenda bwino munthu akachepetsa mtunda ndi pafupifupi theka, pakati pa 41 ndi 60 peresenti, kwa masabata awiri, koma osatsitsa liwiro kapena kudumpha masiku. Phindu lake nthawi zambiri limakhala pafupi ndi 3 peresenti. Pa mphindi 36 zako, imeneyo ndi mphindi yathunthu, yomwe waisaka chaka chonse osaipeza.

Pa makilomita 10, masiku 8 mpaka 10 akukwanira. A marathon ya makilomita 42.195 ndiwo amatenga masabata awiri kapena atatu. Tinene kuti mpikisano uli Loweruka. Loweruka la m'mbuyo mwake mtunda wautali utsike pa makilomita 10 kapena 12. Lachiwiri uthamange makilomita atatu okha, imodziimodzi, pa liwiro lomwe ukufuna kudzathamangira pa tsikulo, kuti miyendo isaiwale. Lachitatu ndi Lachinayi makilomita 5 kapena 6 mofatsa, pomaliza utambasule miyendo mamita 100 kanayi, mwachangu koma mosakakamiza. Lachisanu mphindi 15 zokha kapena kupumiratu. Sabata imeneyi imavuta m'mutu. Thupi limayabwa, mtima umakuuza kuti anzako akukusiya, nthawi zina miyendo imamveka yolemera pa tsiku lachitatu. Zimachitikira aliyense. Usapite kukadziyesa, usakasewere mpira wa m'mudzi, ndipo nsapato zatsopano kapena chakudya chachilendo zidikire mpikisano udutse.

Ndibwerere kwa inu, Mayi. Mwana wothamanga chonchi akalowa m'kalasi m'mimba muli mbee, adzawodzera ndithu. Akabwera kothamanga apeze phala, mbatata kapena nthochi asanapite kusukulu. Nsima, mpunga ndi chinangwa ndizo zimabwezera glycogen, pomwe nyemba, usipa, mazira, nsinjiro ndi masamba obiriwira zimakonza minofu ndi magazi. Tulo tikhale maola 8 kapena kuposerapo. Ngati adzuka 5 koloko, 9 koloko usiku akhale atagona, foni ili kwa inu. Akadwala malungo kapena thupi likatentha, asathamange mpaka atamaliza mankhwala ndi kupezanso mphamvu, ndipo ayambirenso pang'onopang'ono. Ululu wa pamalo amodzi pa fupa womwe ukukula akamathamanga ndi wopita nawo kuchipatala. Makolo a atsikana othamanga omwe mukuwerenga, mwana akasiya kusamba kapena akamangokhala wofooka, musati ndi mmene amakhalira othamanga. Kawirikawiri ndiye kuti akudya zochepa poyerekeza ndi ntchito yomwe akugwira, kapena magazi achepa, ndipo mafupa ake ali pachiswe.

Mwafunsanso mosabisa ngati kuthamangaku kuli ndi tsogolo. Catherine Chikwakwa anabweretsa mendulo ya siliva pa mamita 5,000 kuchokera ku mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, Italy, mu 2004, ali wa msinkhu ngati wa mwana wanuyu. Mike Tebulo anathamanga marathon pa Olimpiki ya ku London mu 2012. Njira ilipo. Koma kuno kwathu ndi ochepa kwambiri omwe angadyetse banja ndi mphoto za mipikisano yokha, ndipo bondo limodzi likavulala zonse zimaima. Zitseko zomwe miyendo yake ingagogode, kaya usilikali, upolisi, maphunziro a sayansi ya masewera ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, kapena makoleji a ku America omwe amalipirira othamanga sukulu, zonse zimayamba zafunsa satifiketi.

Choncho chaka chamawa ali Fomu 4, teremu yoyamba ndi yachiwiri apitirize monga ndafotokozera. Mayeso akatsala miyezi iwiri atsike pa masiku anayi pa sabata, mphindi 30 kapena 40, tsiku limodzi lokha la liwiro. Mphamvu sizithawa ndi zimenezo, ndipo mutu umagwira bwino. Mpikisano wa Porters Race wa pa phiri lanulo, woyambira ku Likhubula, umakonda kugwa mu Julayi, nyengo yomweyo ya MSCE. Ndi wa makilomita oposa 20 okwera ndi kutsika miyala, ndipo miyendo imawawa masiku angapo pambuyo pake. Chaka cha mayeso aulole umudutse.

Mwana wanga, pempha Mayi kope la masamba 40. Tsiku lililonse uzilembamo mtunda, nthawi, maola omwe wagona ndi mmene thupi linamvekera. Pakatha masabata 8 uthamange makilomita 10 utatsitsa katundu monga ndanenera, kenako undilembere nthawi yako pamodzi ndi malikisi a mayeso a teremu ino.