Tsekera wabisa mango: silasha kapena flail mower?

Bambo wina wa ku Salima wandilembera imelo. Ali ndi munda wa mango omezanitsa, thirakitala yawo ndi Massey Ferguson 240, ndipo tsekera wakula mpaka munthu kumira osaoneka. Wogulitsa makina wawaonetsa silasha ya mamita 1.5 ndi flail mower ya mamita 1.8, ndiye akufunsa kuti atenge iti. Kumapeto awonjezera kuti zikavuta angoyatsa moto ngati mmene amachitira anzawo. Mawu otsirizawa ndi amene andisowetsa mtendere.

Bambo, moto wokhawo ayi. Udzu umauma bwino kuyambira Julayi mpaka Seputembala, nthawi yomweyo imene mango amachita maluwa. Lawi la tsekera limafika m'nthambi, maluwa n'kuwauka, khungwa n'kupsa mbali imodzi. Pakapita miyezi khungwalo limang'aluka, chiswe n'kupeza khomo. Mtengo waung'ono wa Tommy Atkins kapena Kent ukapsa umaphukira m'munsi mwa pamene anamezanitsa, ndipo mudzausamala zaka zingapo kenako n'kukubalirani mango achikuda. Udzu umene mukufuna kutenthawo ndi umenenso ukanaphimba nthaka yanu yamchengayo kuti isunge chinyezi mu Okutobala.

Tsono makina awiriwa amadula mosiyana. Silasha ili ndi mipeni iwiri yolemera pansi pa chitsulo chafulati, yomangidwa ndi bawuti imodziimodzi kuti ikagunda mwala izipindikira m'mbuyo. Imagwetsa udzu poumenya, sisamala zoupera. Flail mower ili ndi mgolo wogona chopingasa wokhala ndi tinyundo tambirimbiri, woyendetsedwa ndi malamba, ndipo udzu uliwonse wolowa m'kati uyenera kuperedwa kaye usanatuluke. Kuperako ndi kumene kumadya mphamvu. Amisiri amawerengera pafupifupi 5 hp (muyeso wa mphamvu ya injini) ya pa PTO (shafuti ya kumbuyo kwa thirakitala yozunguza makina) pa masentimita 30 alionse a m'lifupi mwa silasha, kotero ya mamita 1.5 imafuna 25 hp kapena kuposerapo pang'ono. Thirakitala yanu injini yake sipitirira 50 hp, ndipo zofika ku PTO n'zocheperapo, komabe silasha imeneyi iinyamula ikupuma bwino. Flail ya mamita 1.8 mu tsekera wofika m'mutu iifooketsa. Injini imayamba kubuula, utsi wakuda tolotolo, malamba amaterereka n'kununkha mphira wopsa, mapesi aataliwo amakulungana kumapeto kwa mgolo mpaka beyaringi kutentha osakhudzika.

Sindikunyoza flail mower. Sigenda miyala kwambiri ngati silasha, imasiya udzu wonyenyeka ngati mankhusu, ndipo zina zimasunthira pambali kufika pansi pa nthambi. M'munda wa makadamiya ngati ya ku Thyolo, kumene mtedza amatola pansi ndipo udzu saulola kukula, ndi chida choyenera. Koma ndi ya munthu amene amatchetcha udzu usanapyole m'mawondo, amenenso tinyundo ndi malamba angazipeze msanga zikatha. Wogulitsa amene waona chithunzi cha munda wanu n'kukukankhiranibe flail akuganiza za mtengo wake, osati za mitengo yanu.

Mpeni wa silasha nawo uli ndi nkhani yake, ndipo apa sindinyengerera. Ukang'aluka musauwotcherere. Musalolenso mmisiri wa pamsika kukusulirani wina kuchokera ku sipuling'i ya lole. Nsonga ya mpeni imathamanga mamita oposa 60 pa sekondi imodzi; chidutswa chikathothoka chimaboola chitsulo, nanji mwendo wa munthu. Posintha sinthani yonse iwiri pamodzi ndi mabawuti ake, chifukwa umodzi ukalemera kuposa unzake makina amanjenjemera mpaka giyabokosi kugwedera. Chimodzimodzi chipulasitiki chophimba shafuti ya PTO, chimene ambiri amachotsa akuti chimavutitsa popaka girisi. Shafuti imazungulira maulendo 9 pa sekondi. Ikakola chitenje kapena mkono wa ovololo, palibe amene angathamange kukazimitsa injini n'kupulumutsa munthuyo.

Zoyang'ana pogula

Tengani silasha ya mamita 1.5, yokhala ndi giyabokosi yolembedwa mphamvu zoposa za thirakitala yanu, monga 60 hp. Ikhale ndi matcheni olendewera kutsogolo ndi kumbuyo otchinga miyala, chitsulo chapamwamba chosachepera mamilimita 4, ndi slip clutch pa shafuti, kachipangizo koterereka mipeni ikagunda cholimba kuti magiya asathyoke. Ngati m'malo mwa slip clutch ili ndi bawuti yoduka yokha ikagunda chitsa, gulirenitu mabawuti khumi a mtundu womwewo. Mukaikapo yolimba kuposa imeneyo, chothyoka chidzakhala giya. Slip clutch imagwira dzimbiri ikakhalitsa, choncho nyengo ikamayamba masulani manati, iterereke masekondi awiri kapena atatu, kenako mangani masipuling'i abwerere pa utali wake wakale. Funsaninso ngati ingamangidwe mopatukira kumanja, kuti izifika pansi pa nthambi thirakitala ili pakati pa mzere. Shafuti muiyeze musanachoke pasitolo: mapaipi ake awiri alowane gawo limodzi mwa magawo atatu ikatambasuka, ndipo isagunde kumapeto mukakweza makina, apo ayi imakankha PTO ya thirakitala n'kuswa beyaringi ya m'kati.

Musanalowetse thirakitala, anthu awiri ayende mzere uliwonse ndi ndodo, azike mitengo yomangirira nsanza pa chitsa, pa chulu, pa mwala ndi pa mapaipi othirira. Kenako onse atalikire mamita 100, ana ndi mbuzi zomwe. Ulendo woyamba kwezani mipeni masentimita 20 kuchoka pansi, giya yotsika, liwiro la makilomita 3 kapena 4 pa ola, injini ili pa chizindikiro chosonyeza kuti PTO ikuzungulira maulendo 540 pa mphindi. Ikayamba kulemedwa musatsitse mafuta. Muzidula udzu ndi theka chabe la m'lifupi mwa silasha. Udzu umene matayala apondereza umadzukanso pakapita masiku atatu kapena anayi, ndiye bwererani mochokera mbali inayo mipeni ili pa masentimita 10. Siyani mita imodzi kuzungulira tsinde, pamenepo ndi pa chikwakwa, ndipo udzu wodulawo muuyale pansi pa mtengo koma usakhudze khungwa.

Ola lililonse zimitsani injini, chotsani njere za udzu pa rediyeta, ndipo mipeni ikaimiratu suzumirani pansi. Udzu kapena waya wokulungana pa shafuti yotuluka m'giyabokosi umadya silu yotsekera oyilo, oyiloyo n'kutha mwakachetechete. Oyilo wake ndi wa magiya, 80W-90, ndipo muzimuyang'ana m'mawa uliwonse pamodzi ndi girisi wa m'makolosi (mfundo zopindikira) a shafuti.

Dzinja likubwerali musadikire tsekera kufika m'mutu. Tchetchani kumapeto kwa Disembala udzu uli m'mawondo, bwerezani mu Febuluwale pa masiku amene nthaka yauma kuti matayala asakumbe mizu, ndipo komaliza mu Epulo kapena Meyi mvula ikatha. Ulendo womalizawu lambulaninso mpata wotchinga moto kuzungulira munda wonse, chifukwa anzanu aja adzayatsabe.