Chimbale cha Amanaz cha 1975: mugule kapena mudikire?

Mwandilembera, achimwene, kuti wina pa intaneti akugulitsa chimbale cha Amanaz, gulu loimba la ku Zambia, chotchedwa Africa. Akuti ndi chenicheni cha 1975, ndipo mtengo wake ukuposa malipiro anu a mwezi. Mukufunsa ngati mugule. Ine ndikuti yambani mwadekha.

Kukwera mtengoko kuli ndi chifukwa. Anyamata a ku Kitwe amenewa anatulutsa chimbale chimodzi chokhacho, kudzera ku Zambia Music Parlour ya ku Ndola. Zimbale za Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, kaya za gulu la WITCH kaya za Ngozi Family ya Paul Ngozi, anthu sankagulira kusunga m'kabati. Zinkalira m'mabala ndi m'maphwando mpaka kuperepeseka. Mtengo wa kopa, yemwe chuma cha Zambia chinkadalira, utagwa m'ma 1970, ndalama zogulira nyimbo zinasowa, kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Chimbale chosakandika cha nthawi imeneyo n'chosowa zedi, ndiye wogulitsa akamati chake chili ngati chatsopano, muzimufunsa mafunso ambiri.

Muuzeni ajambule pepala lozungulira la pakati, mbali zonse ziwiri. Ajambulenso malo osalala pakati pa nyimbo yomaliza ndi pepalalo, atapendeketsa chimbalecho pa kuwala: pali timanambala tozokotedwa pofulidwa chimbale ku fakitale. Mukatifananize ndi zomwe zalembedwa pa Discogs, tsamba la pa intaneti losunga mbiri ya zimbale. Chachitatu, atumize kanema singano ili pa chimbale. Gitala wa fuzz, wolira mosasa ndi mwaphokoso, amabisa phokoso la mikwingwirima, choncho mverani nyimbo yofatsa. Muonenso ngati mkono wa galamafoni ukukwera ndi kutsika. Ngati ukutero, chimbalecho chinapindika ndi kutentha, ndipo kuchiwongola n'kovuta.

Mufunsenso ichi, chomwe ambiri amaiwala: Africa inatuluka m'mitundu iwiri, wina mawu ake ndi ouma, wina ali ndi reverb, kutanthauza kuti mawu ake amamveka ngati akubwerera m'chipinda chachikulu. Akugulitsa uti?

Koma ngati chimene mukufuna n'kumva nyimbozo, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso chimbalechi mu 2015, mitundu yonse iwiri pamodzi, mogwirizana ndi oimba omwe anali moyo. Apa m'pamene mtima wanga uli. Ndalama ya chimbale chakale imathera m'thumba la wogulitsa, woimba saonapo ngakhale ngwee. Gulani chatsopanocho kaye, muchimvere mpaka mudziwe kusiyana kwa mitundu iwiriyo. Chakalecho mudzagule wogulitsa akatumiza zonse mwapempha. Akayamba kuzemba, musiyeni.