Kubzala ndi kukolola m'dimba: mayankho kwa alimi

"Ndinawokera kabichi dimba lonse tsiku limodzi. Tsopano yakhwima yonse, ina yayamba kung'ambika. Ndinalakwitsa pati?"

Bambo, vuto lili pa tsiku limodzi lomwelo. Kabichi ikakhwima siyembekezera mwini wake. Mukapitiriza kuthirira kwambiri kapena mvula ikagwa, mutu umamwa madzi ochuluka n'kung'ambika. Imene muli nayo panopa ichepetsereni madzi, ndipo mitu imene simungathe kudula msanga igwireni ndi manja awiri n'kuipotoza pang'ono kuti mizu ina iduke. Mukatero imakhalitsako masiku angapo.

Ulendo wina yambani ndi funso lakuti mukufuna kudzakolola liti, kenako werengani chobwerera m'mbuyo. Mbande za kabichi zimakhala pa nazale milungu 4 mpaka 6, ndipo mitundu yambiri imakhwima pakatha masiku 70 mpaka 100 chiiwokereni. Masiku enieni alembedwa pa pepala la mbewu, musamalitaye. Gawani dimba m'zigawo, muzifesa pang'onopang'ono, milungu iwiri kapena itatu iliyonse. Mpiru ndi repu nazonso muzitero. Ntchito yopalira ndi kuthirira imapepuka, ndipo simusowa chodula.

"Matimati anga a m'nyengo yamvula amapsa masamba asanabale bwino. Kodi ndi feteleza?"

Ayi mayi, kawirikawiri chimenecho ndi chiwawu, matenda amene amafala masamba akakhala onyowa nthawi yaitali. Alimi ambiri amathamangira kuwonjezera feteleza, koma kumeneko n'kungotaya ndalama. Kwezani mizere kuti madzi asadikhe, zikani mitengo yoyanzira mbewu, chotsani masamba am'munsi okhudza dothi, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wouma kuti matope asamathovukire pa masamba. Mankhwala a kopa amateteza, sachiza tsamba lodwala kale, choncho amapoperedwa matenda asanafale, motsatira malangizo a pa botolo.

Funso limene ndikanakufunsani tikanakhala pamodzi m'dimbamo ndi lakuti chaka chatha pamalopo panali chiyani. Matimati, mbatatesi, mabiringanya ndi tsabola ndi banja limodzi, matenda awonso ndi amodzi. Pamene mwachotsa imodzi mwa mbewuzi bzalanipo nyemba, anyezi kapena kabichi, ndipo papite zaka zitatu musanabwezerepo matimati. Nyengo yotentha kwambiri nayo ili ndi zake: kutentha kukapitirira madigiri 32, maluwa amayoyoka, ndiponso akangaude ofiira amaswana msanga kunsi kwa masamba.

"Anyezi wanga amawola ndikangomusunga milungu yochepa."

Mwina mumazula asanakhwime, kapena mumathirira mpaka tsiku lozula. Anyezi amadziwonetsa yekha: khosi limafewa, masamba n'kugwa. Theka la munda likagwa chotero, lekani kuthirira, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, kenako zulani kunja kuli kouma. Muyanikeni pamthunzi podutsa mphepo kwa milungu iwiri mpaka khosi liume ndithu, ndipo masamba muwadule pambuyo pake. Wa khosi lonenepa mupatuleni, ayambe kudyedwa ndi ameneyo chifukwa sasungika. Konzani nthawi yofesa kuti kukolola kudzagwere m'nyengo yopanda mvula. Kumbukirani kuti anyezi amachedwa pa nazale, milungu 6 mpaka 8.

"Kodi karoti ndingafese pa nazale?"

Musatero. Karoti akazulidwa n'kuwokeredwa, muzu umapindika kapena kuchita mphanda. Fesani pabedi pomwe adzakulire, m'dothi lofewa lopanda miyala, ndipo musathire manyowa osawolerana. Amachedwa kumera, nthawi zina mpaka milungu iwiri kapena itatu, ndiye bedi lisaume pamwamba masiku amenewo. Akamera patulirani kuti atalikirane masentimita 5.