Chikhakha cha mwana wanga chayamba kununkha

Anamwino, mwana wanga wa zaka 3 anagwa pakhoma n'kuthyoka fupa la ntchafu. Kuchipatala anamuika chikhakha choyambira pachifuwa mpaka m'kakolo. Pangotha masabata awiri koma chikununkha mkodzo, ndipo m'mphechepeche mwafiira. Agogo ake akuti ndithiremo paudala. Ndalama zathera matewera ndi matakisi, poti m'minibasi sindingakwere naye. Kodi ndingochichotsa?
Mayi wa ku Chawama, Lusaka

Pepani mayi, koma chikhakhacho musachichotse. Madokotala amachitcha hip spica, ndipo mwana wa msinkhu umenewu amakhala nacho masabata 4 mpaka 6. Mukachichotsa lero fupa likhoza kulumikizana mokhota, mwendo n'kufupika.

Chomwe chikudya khungu ndi mkodzo. Mkati mwa chikhakha muli thonje, ndipo likanyowa siliuma msanga. Ndiye muzimuveka matewera awiri. Laling'ono mulilowetse ndi zala pansi pa mkombero wa bowo lomwe anasiya pachikhakha m'mphechepeche, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti ligunde khungu. Lalikulu likute pamwamba pa chikhakha. Lamkatilo lisinthidwe likangonyowa, ngakhale pakati pa usiku. Pogona mutsamiritseni kuti chifuwa chikwere kuposa matako, mkodzo usamayenderere kumsana. Muzimutembenuzanso pakapita maola awiri kapena atatu.

Agogo muwayankhe mwaulemu, koma paudala ayi. Akasakanikirana ndi thukuta amaumbika timibulu totupula khungu. Mafuta odzola nawonso asalowemo. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, muumitse bwino, kenako muunike m'mbali ndi tochi ya foni. Ine ndinadulapo chikhakha china n'kupezamo chitsekerero cha botolo ndi nyenyeswa za buledi, pansi pake pali chilonda. Mwanayo anali akulira masiku anayi, akunyumba akumati ndi matama chabe.

Za ndalama ndikumva. Thewera lakunja mutha kugwiritsa lansalu, lochapa, musaumire lamkati. Chikhakha chikafewa ndi mkodzo chimafunika china, ndipo kawirikawiri mwana amayamba wagonekedwa ndi mankhwala, matakisi aja n'kuyambiranso. Ngati muli pa NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, nyamulani khadi mufunse zomwe akulipirirani.

Kufiira kumeneko akakuone kuchipatala sabata ino, musadikire tsiku la riviyu. Koma mukaona mafinya, thupi litatentha, mwana akusanza, kapena zala zakuphazi zitatupa, kuzizira kapena kuda, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.