Bayoloje yopanda masamu ndi kemisitiri kulibe

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa Fomu 4. Akuti bayoloje amaikonda kwambiri, koma masamu ndi kemisitiri zimamuwawitsa mutu, ndiye akufunsa ngati kuyunivesite angaphunzire bayoloje yokhayokha. Kumapeto wawonjezera kuti makolo ake akuti ngati sakhala dokotala, bayolojeyo n'kutaya nthawi chabe. Mawu omalizawa ndi amene andikhudza mtima.

Mng'ono wanga, mawu amenewo ndinawamvapo ndi makutu angawa. Maina a osankhidwa kupita kuyunivesite atatuluka, amalume anabwera kunyumba atanyamula nkhuku. Tili pamkeka anandifunsa kuti, "Ndiye ukamaliza uzikagwira chipatala chiti?" Nditawauza kuti ndikukaphunzira sayansi ya zamoyo, osati udokotala, anangoti duu, kenako anayamba kukamba za mtengo wa feteleza. Nkhukuyo tinadya, koma ine sinanditsike bwino. Amayi nawo kwa nthawi yaitali ankauza anzawo a kumvano kuti mwana wawo akuphunzira "zachipatala", chifukwa chenichenicho sankadziwa kuti achifotokoze bwanji.

Sekondale yathu inali ya masana, ya kumudzi, yopanda labu. Maikulosikopu tinkaijambula m'kope n'kulemba maina a ziwalo zake osaigwirapo. Ndinaigwira koyamba ndili chaka choyamba kuyunivesite. Anatipatsa kakhungu kopyapyala ka anyezi, tinadonthezapo ayodini, n'kuphimba ndi kagalasi. Ndinapotokola pang'onopang'ono, poyamba mbuu, kenako maselo aja anaonekera atandandalikana ngati njerwa pakhoma, lililonse lili ndi kadontho kake kakuda mkati. Ndinakhala pampando paja mpaka anzanga onse anatuluka. Choncho chikondi chimene ukunenacho ndikuchidziwa bwino.

Koma pa ndandanda wa maphunziro a chaka chimenecho, bayoloje inali phunziro limodzi chabe. Panalinso kemisitiri, fizikisi, masamu ndi phunziro la luso lolemba ndi kulankhula Chingerezi. Masana ambiri ndinkakhala mu labu ya kemisitiri, maso ali pa burette, kachubu kagalasi kodonthezera madzi a mankhwala, kudikira dontho limodzi loti madzi asinthe mtundu. Ndinkadandaula ngati mmene ukudandaulira iwemu. Tanthauzo lake ndinadzaliona titafika pa biochemistry (kemisitiri ya m'thupi la zamoyo) ndi genetics (phunziro la chibadwa), pamene anzathu amene ankazemba kemisitiri anayamba kumira.

Ndinene mosabisa: aliyense wokuuza kuti bayoloje ndi phunziro loloweza akukunamiza. Kuloweza kungakuthandize pa MSCE, koma kupitirira pamenepo sikukufikitsa patali. N'chifukwa chiyani pepsin, amene amathandiza kugaya chakudya, amagwira ntchito m'mimba, momwe pH (muyeso wa asidi) ili pafupifupi 2, koma akafika m'matumbo amasiya? Yankho lake ndi kemisitiri. Tsamba la chimanga likamapanga shuga kuchokera ku mpweya, madzi ndi kuwala kwa dzuwa, ndi kemisitiri yokhayokha. Gregor Mendel, amene zotsatira za kafukufuku wake zinasindikizidwa mu 1866, anapeza malamulo a chibadwa chifukwa anawerenga nsawawa zikwizikwi mpaka anaona kuti pa zinayi zilizonse, zitatu zikutengera mbali imodzi. Akanakhala woopa manambala akanangokolola ndiwo. Ndipo katemera wa malungo wa RTS,S, amene anayamba kuperekedwa kwa ana kuno ku Malawi mu 2019 pamodzi ndi ku Ghana ndi Kenya, anthu anadziwa bwanji kuti akuthandiza? Anawerenga ana odwala ndi osadwala, n'kugwiritsa ntchito statistics, masamu osanthula ziwerengero, kuti atsimikize kuti kusiyanako sikunangochitika mwangozi.

Tsono za makolozi. Sindikuwanyoza, amafuna kuti mwana wawo adzapeze ntchito yodalirika, ndipo dokotala amamuona ndi maso. Koma maganizo oti bayoloje ndi kothawira olephera udokotala amandipweteka kwabasi, makamaka m'dziko ngati lathu lino. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo mbuna zambiri za m'miyala ya ku Cape Maclear sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. N'chifukwa chake UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Akatswiri amakwera ndege kuchoka ku Ulaya ndi ku America kudzafufuza nsomba zimenezi, pamene ife tikuuza ana athu kuti phunziroli n'lachabe. Chambo chikusowa pamsika, ndani afufuze? Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu. Mbozi zija zinasakaza chimanga mu 2017 zinafuna munthu wodziwa moyo wa tizilombo, kuyambira dzira mpaka gulugufe. Dokotala amapereka mankhwala a likodzo, inde, koma amene amadziwa nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzolo, kumene zimaswana ndi nyengo yake, ndi wa bayoloje. Ntchito sizophweka kupeza, zimenezo sindikana, ambiri timayamba ndi kuphunzitsa kusekondale kapena kuthandiza pa kafukufuku wa anthu ena. Koma ndi ntchito zenizeni, ndipo mphunzitsi wabwino wa bayoloje ndi amene amatulutsa madokotala omwewo.

Zofunika kuti ulowe

Pa MSCE pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza giredi ya pakati pa 1 ndi 6. Maphunziro a sayansi amafunanso kirediti ya masamu, bayoloje, ndiponso kemisitiri kapena fizikisi, kawirikawiri zonse ziwiri, ndipo popeza malo ndi ochepa, mapointi ochepa ndi amene amapambana. Kufunsira malo m'mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo chikalata chawo chimalemba zofunika pa pulogalamu iliyonse payokha, uchiwerenge chonse. Digiri imatenga zaka 4, ndipo chaka chomaliza umachita kafukufuku wakowako. Kupatula UNIMA ku Zomba, uyang'anenso za nsomba ku LUANAR ku Bunda, za nkhalango ndi nsomba ku Mzuzu University, ndi za tizilombo toyambitsa matenda ku MUST ku Thyolo. Udokotala uli ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), ndipo kumeneko kemisitiri ndi fizikisi amazifuna kwambiri.

Mawa lomwe upite kwa aphunzitsi ako a masamu ukawauze mitu imene ikukuvuta, upeze mapepala akale a MANEB, ndipo uyambe ndi ma mole mu kemisitiri, chifukwa titration ya chaka choyamba, ntchito ya burette ija, imadalira pamenepo. Makolo ako uwawerengere ndime ya nsomba ija, ukatero undilemberenso kuti anena chiyani.