Akudula paini pa phiri la Mulanje, n'kumati akubwezeretsa nkhalango?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Likhubula amene pano akugwira ntchito ku Johannesburg. Atabwera kutchuthi anakwera phiri mpaka ku Chambe, ndipo pamene ali mwana panali paini wothithikana anapezapo zitsa ndi udzu. Wowaperekeza anawauza kuti wina mwa painiyo anadulidwa dala. Funso lawo n'lakuti: "Chaka chilichonse boma likutiuza kuti tibzale mitengo. Nanga odula mitengo pa malo a boma omwewo akuti akubwezeretsa nkhalango bwanji? Mtengo si mtengo basi?"

Bambo, ndiyambe ndi kuvomera kuti si chitsa chilichonse munachiona chimene ndi ntchito yabwino. Zina ndi za ocheka matabwa mozembera, ndipo inu a ku Likhubula mumawadziwa kuposa ine, anyamata otsika mbandakucha thabwa lili pamutu, nkhata itaphwatalala. Koma zoti paini anachotsedwa dala ndi zoona, ndipo ine ndili kumbali ya ochotsawo.

Mwini phiri lija ndi mkungudza, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei. Mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi kupatula pamwamba pa Mulanje. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi. Thabwa lake chiswe sichilidya, silifumbwa, ndipo fungo lake silitha. Timabokosi tosema tija akamatigulitsa m'mbali mwa msewu, ukangotsegula chivindikiro wadziwa kale. Ubwino womwewo ndi umene unaupha. Phiri linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, koma macheka sanaleke kulira, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha ili chiimire. Isanu ndi iwiri, phiri lonse lija.

Paini amene munakula mukumuona, Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico. Anabwera ndi a zankhalango a nthawi ya atsamunda, ena poganiza kuti azitchinjiriza mbande za mkungudza zikadali zanthete. Mlendoyo anakhazikika n'kulanda nyumba. Amakula msanga, njere zake zimauluka ndi mphepo n'kukamera m'madambo ndi m'makwalala momwe palibe anabzalamo. Mukumbukire mmene pansi pa paini pamakhalira: mdima masana, masamba ake onga singano ataunjikana ngati matiresi, phazi kumangoterereka, palibe kaudzu kapena kaluwa, mbalame za apo ndi apo. Mkungudza umafuna dzuwa kuti umere. Pansi pa mthunzi wotere sungatuluke ngakhale mutathira njere thumba lonse. Ukaliyang'ana patali phiri limaoneka lobiriwira, koma zimene zinkakhalamo zapita.

Apa m'pamene pali kusiyana kwa munda wa mitengo ndi nkhalango. Ku Chikangawa paini yemweyo ndi mbewu ngati chimanga: amabzala, amapatulira, amakolola, ndipo palibe cholakwika. Pa Mulanje cholinga n'china, kubwezera zimene zinalipo, kuti mitsinje ya Ruo, Lichenya, Thuchila ndi Likhubula ipitirize kutsika ndi madzi. Paja ena mwa madzi akumwedwa ku Blantyre lero akuchokera pa Likhubula pomwepo.

Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a kafukufuku wa zankhalango a FRIM ku Zomba ndi a Botanic Gardens Conservation International, anakhazikitsa nazale m'midzi yozungulira phiri. Anthu amafesa njere m'machubu, mbande zikakula amazigulitsa ku ntchitoyi, kenako zimasenzedwa kukwera nazo phiri. Njere zina zimachokera ku mikungudza imene inabzalidwa kalekale pa phiri la Zomba. Mbande pafupifupi 500,000 zinabzalidwa m'zaka zoyambirirazo.

Koma chiwerengerocho chisakusangalatseni msanga, ndipo apa ndi pamene ine ndimakangana ndi anzanga okonda zithunzi za nduna itagwira khasu pa 15 Disembala, tsiku lotsegulira nyengo yobzala mitengo. Kubzala ndi ntchito ya tsiku limodzi. Mkungudza umakula mwaulesi, ndipo ukadali waung'ono moto umodzi ndi wokwana kuupsereza. Chilimwe chikafika, udzu wa pamwamba paja umauma kuti gwa, mlenje mmodzi akayatsa kuti avumbulutse nyama, ntchito ya zaka zitatu yasanduka phulusa masana amodzi. Chodabwitsa n'chakuti mtengowu umameranso bwino m'mphepete mwa lupsa, moto ukabwera kamodzi pa zaka zambiri. Wa chaka ndi chaka ndi umene umaupha. Choncho ntchito yeniyeni ndi yosaoneka pa Facebook: kulambula njira zotchingira moto mvula ikangotha, kulondera, kubwereranso kukazula tipaini tatsopano timene timamera pamene makolo ake anadulidwa, chifukwa njere zake zimatsalira m'nthaka. Ukangolekeza zaka zingapo, paini wabwerera.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mbande zimene zapulumuka moto zidzafika pa msinkhu wochekeka, ndipo ana a ocheka a lero adzakhala akuziyang'ana. Lamulo la zankhalango la mu 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, koma mlonda mmodzi wa nsapato zong'ambika sangatseke njira zonse zokwerera phiri. Mayi wa pa nazale amene amalandira ndalama ya mbande ali ndi chifukwa chokalipira mwana wake akatenga macheka. Ndalamayo ikaleka kubwera, chifukwacho chimachepa.

Mukabweranso pa Khirisimasi, pemphani wokuperekezani akakuonetseni pamene anabzala. Muyang'anitsitse mu udzu, chifukwa timitengoto n'tosavuta kuponda, ndipo mumufunse kuti moto unadutsapo komaliza liti.